Mapiritsi a Malemu

1. Chitini cha pamdadada

Pa mdadada wa nyumba za lendi kuseri kwa msika panali lamulo limodzi limene silinalembedwe paliponse, koma aliyense ankalidziwa: mankhwala satayidwa. Munthu akadwala n'kuchira mapiritsi asanathe, otsalawo ankawakhuthulira m'chitini cha mabisiketi. Akadwala n'kumwalira, otsalawo ankalowanso m'chitini momwemo. Chitinicho chinalibe mwini. Chinkagona m'nyumba imene muli matenda, ndipo kukacha chinkasamukira kumene kwamveka kubuula.

Amayi a pamdadadapo anali madokotala osaponda pasukulu ya udokotala. Mapiritsi ankawachotsa m'mapaketi mwake kuti akwane bwino m'chitini, n'kumawadziwa ndi maso basi. Oyera aakulu anali a mutu. Ofiira anali a mawondo ndi msana. Aang'ono a buluu anali a mtima. Ukafunsa kuti akudziwa bwanji, ankakuyang'ana ngati wawatukwana.

M'nyumba yapakati munkakhala telala wina, mkazi wake, ana awo aamuna awiri, ndi mtsikana wa ku sekondale amene aliyense ankamutchula Mlendo.

Mtsikanayu anafika pamdadadapo mayi ake atamwalira. Mkazi wa telala anali mkulu wawo wa malemuwo, choncho kwa iye anali amayi aakulu, ndipo telalayo anali bambo aakulu. Tsiku limene anatsitsa chikwama chake pakhomo, mnyamata wamng'ono wa m'nyumbamo anafunsa kuti mlendoyu abwerera liti kwawo. Anthu anaseka, dzina n'kumera pomwepo. Zaka zinadutsa koma dzinalo silinachoke, ndipo funso lija nalo silinachokeretu m'nyumbamo.

Mlendo ankagona m'chipinda chosokeramo, pakati pa mashini ndi mulu wa nsalu za makasitomala. Kukacha ankapinda matiresi ake n'kuwakankhira kuseri kwa chitseko kuti asaoneke. Akaweruka kusukulu ankathamangira kunyumba kukachapa ndi kukolopa, motero anzake ocheza nawo analibe. Patebulo ankadya ali chete, ndipo palibe ankaona n'komwe kuti ali chete.

Amene ankamuyankhula ngati munthu anali bambo aakulu okha. Ankamupatsa mabatani kuti asokerere, n'kumamufunsa za kusukulu mapini ali kukamwa, moti theka la mafunso awo silinkamveka. Iwo okha ndi amene sankanena kuti Mlendo. Ankati mwana wanga. Mtsikanayo ankawakonda kwambiri, ngakhale sanawauzepo.

2. Magazi pa diresi loyera

Bambo aakulu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo mankhwala ake ankalandira kuchipatala chaching'ono. Mankhwalawo anatha pa nthawi yoipa, nyengo ya maukwati, madiresi atadzaza chingwe chonse. Amayi aakulu anati n'kupusa kuti munthu akataye tsiku lathunthu pamzere pamene mankhwala a mtima ali mbwee m'chitini. Mwamuna wa Make Mapasa, wa nyumba yoyandikana nayo, anali atangomwalira kumene ndi matenda a mtima, ndipo mayiyo anakhuthulira m'chitinimo botolo lodzaza la mapiritsi a buluu. Mtima ndi mtima basi, anatero amayi aakulu.

Wotumidwa kukatenga anali Mlendo. Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yake. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu ankapereka tiyi kwa bambo aakulu pamodzi ndi mapiritsi a buluu, komanso ofiira a mawondo, poti kuponda mashini tsiku lonse kunkawapweteketsa miyendo. Poyamba la buluu linali limodzi. Kenako amayi aakulu anati akhale awiri, chifukwa malemu aja anali munthu wowonda pamene amuna awo ndi chimunthu.

Sipanapite nthawi, Mlendo anayamba kuona zinthu zachilendo. Bambo aakulu akatsuka mano ankalavula magazi. Pamikono pawo panatuluka mawanga akuda ngati a munthu womenyedwa. Tsiku lina anadzibaya ndi singano, kachilonda koti ngakhale mwana sangalire nako, koma magazi anakana kusiya mpaka anadontha pa diresi loyera la mkwatibwi. Mlendo anawamata pulasitala, ndipo awiriwo anatha madzulo onse akuchapa diresilo ndi madzi ozizira.

Banga litakana kuchokeratu, Mlendo anati angathe kupinda nsalu pamalopo n'kusokererapo kaduwa, eni ake osadziwa. Bambo aakulu anachotsa mapini kukamwa, chinthu chimene ankachita pokhapokha akafuna kuti amvedwe.

"Kaduwa tiikapo, mwana wanga, koma eni ake tiwauza. Ndasoka zovala kuyambira usanabadwe, ndipo ndaona kuti chobisa m'mpindiro chimatulukira tsiku la ukwati, anthu atadzaza. Ukalakwitsa ntchito ya munthu, muuze nthawi ikadalipo yoti n'kukonza. Akalipa ndithu, mwina sabweranso kudzasoketsa, koma apita atavala chinthu chimene akuchidziwa. Kukhala chete kumaoneka ngati ulemu, koma nthawi zina kumakhala kumupweteka mnzako mwakachetechete."

Atatero anabwezera mapini kukamwa n'kufunsa china chake cha masamu chimene sichinamveke.

Za magaziwo Mlendo anakauza amayi aakulu. Iwo anayankha kuti amenewo ndi magazi oipa akutuluka, kusonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito, ndiponso kuti mwana wosungidwa asamaphunzitse eni nyumba kasamalidwe ka mwamuna. Mapiritsi a buluuwo anatchuka pamdadada ponse. Ngakhale mtsikana woyembekezera wa nyumba yakumapeto, amene ankadandaula kuti mtima ukumugunda ndipo mapazi akutupa, anauzidwa kuti asade nkhawa, chitini chimupeza.

M'mawa wina Mlendo, atavala kale yunifolomu, anakulunga mapiritsi m'kansalu kotsala n'kulowa ndi tiyi m'chipinda chosokeramo. Anapeza bambo aakulu atawerama pamashini, nkhope itatuwa. Pansi panali masanzi akuda osakanikirana ndi magazi. Anayesa kudzuka kuti amuuze kanthu, koma miyendo inawakana, n'kugwera pa mulu wa nsalu.

Kapu inamupulumuka Mlendo. Anaitana amayi aakulu, ndipo kansalu kaja anakaponya m'thumba la siketi osadziwa n'komwe kuti watero.

3. Mawu a pabenchi

Neba wina wa galimoto ya katundu anawatengera kuchipatala chachikulu. Anaima pakhomo lolembedwa ndi zilembo zofiira, kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi. Anamwino awiri anabwera ndi bedi la matayala n'kulowa nawo bambo aakulu kuseri kwa chitseko chachikulu. Neba uja anapepesa kuti akuchedwa kuntchito, nabwerera. Amayi aakulu ndi Mlendo anauzidwa kuti adikire pabenchi.

M'kanjiramo munali anthu ambiri. Wina anali atagwira dzanja lokulunga ndi thaulo, wina atanyamula mwana wobanika. Aliyense anali ndi wake womugwira paphewa kapena womunong'oneza. Mlendo anakhala kumapeto kwa benchi, manja ali pakati pa mawondo.

Amayi aakulu anasendera pafupi. Aka kanali koyamba kuti akhale naye moyandikana chonchi, koma sichinali chikondi. Anali ndi mantha, ndipo mantha awo ankatuluka ngati ukali.

"Tamvera iwe," anatero motsitsa mawu. "Akabwera kudzafunsa, woyankha ndine. Iwe pakamwa pako utseke. Za chitini usatchule, za Make Mapasa usatchule. Anthu a m'zipatala awa sachedwa kuitana apolisi. Ukangoyasamula, adzati ine ndawapatsa amuna anga poizoni, ndipo abale awo adzandidya wamoyo. Make Mapasa misozi ya maliro siinaume n'komwe, ufuna akagone m'chitokosi chifukwa chotithandiza? Pamdadada paja timakhala mothandizana, ndipo woulula za anzake sakhalitsa. Mayi ako atamwalira, abale onse anayang'ana kumbali, ndine ndinakutola. Ndakudyetsa, ndakuveka, sukulu ukupita. Sindinakupemphepo kanthu. Lero ndikupempha chinthu chimodzi, ukhale chete monga umakhalira masiku onse. Ukandichititsa manyazi pano, udziwiretu kuti m'nyumba mwanga mulibenso malo ako. Wamva?"

Mlendo anagwedeza mutu kuvomera. Analibe kwina kopita, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

4. Mayi wazamankhwala

Chitseko chinkatseguka pafupipafupi, ndipo chikatseguka Mlendo ankaona m'kati. Bambo aakulu anali pabedi lapafupi ndi khomo, atawaika diripi kumikono yonse. Dokotala wamtali ankawagwira pamimba, namwino akuwerenga manambala pa kamakina kolira pamwamba pa bedi. Pambali pawo panaima mayi wina wamfupi wa imvi zapatalipatali, magalasi ali pamphumi, ali ndi kangolo ka madirowa ambiri. Dokotala akatchula mankhwala, mayiyo ankafunsa kanthu, n'kutsegula dirowa, kukoka mankhwala mu jakisoni, kuonetsa namwino botolo lake, kenako n'kupereka.

Mlendo ankadziwa wazamankhwala wa pawindo, uja amakankha kapaketi n'kunena kuti awiri m'mawa awiri madzulo, wotsatira bwerani. Sankadziwa kuti aliponso wina amene amaima pambali pa bedi pamene munthu akulimbana ndi imfa. Ntchito ya mayiyu inali kuonetsetsa kuti mankhwala olowa m'thupi la wodwala ndi oyenera, mlingo wake ndi wabwino, ndiponso sakumenyana ndi ena amene wodwalayo anamwa kale kunyumba. Chifukwa cha ichi, ankafunika kudziwa za kunyumbako.

Posakhalitsa mayiyo anatuluka n'kufunsa abale a telala. Anafotokoza kuti iye ndi wazamankhwala wa chipinda chimenecho, n'kukhala pabenchi pomwepo ngati mnzawo. Anafunsa mankhwala amene bambowo amamwa. Amayi aakulu anati a kuthamanga kwa magazi, a kuchipatala chaching'ono, basi. Anafunsa ngati amamwako opha ululu, azitsamba, ogula pagolosale, kapena opatsidwa ndi mnzawo. Amayi aakulu anakana zonse mpaka kulumbira. Mayiyo anatembenukira kwa Mlendo, koma amayi aakulu anafulumira kunena kuti uyu ndi mwana, sadziwa kanthu.

Wazamankhwala anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa chovala chake choyera.

"Mayi, ndikuuzeni chimene chikutivuta," anatero. "Amuna anu akutaya magazi m'mimba. Zimenezo timaziona tsiku ndi tsiku, ndipo timadziwa pozigwira. Koma awa magazi awo sakuundana. Ngakhale pamene tabaya singano pakungochucha. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi sachita zimenezi. Tatumiza magazi kokayeza, koma yankho limatenga nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene bambowa alibe. Mankhwala ena ali ndi anzake owatsutsa, koma sindingabaye munthu mongolota, chifukwa ndikalota molakwa ndiwonjezera vuto pa vuto. Ine si wapolisi, ndipo sindifunsa kuti ndipeze wolakwa. Pa zaka zimene ndagwira m'chipinda chino ndaona anthu akupita kumanda chifukwa choti wachibale anachita manyazi kunena chinthu chaching'ono. Wodwala akafika kuno satha kudziyankhulira, pakamwa pake mumakhala inu amene mwabwera naye. Mukakumbukira kanthu, ngakhale kooneka kopanda pake, gogodani pachitseko icho."

Anadikira pang'ono. Amayi aakulu anayang'ana pansi, Mlendo nayenso anayang'ana pansi. Mayiyo anadzuka n'kubwerera m'kati.

5. Kansalu ka m'thumba

Dzuwa linakwera, kanjira kaja n'kuyamba kutentha. Amayi aakulu anatseka maso n'kumapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Mayi wina wa pabenchipo anawasisita pamsana n'kuwalimbitsa mtima. Mlendo analibe womuyang'ana. Analowetsa dzanja m'thumba kufuna chopukutira thukuta, zala zake n'kukhudza kansalu kaja. Mapiritsi anali momwemo, olimba ngati timiyala.

Anatulutsa dzanja msangamsanga ngati wagwira moto. Mawu a amayi aakulu anali akadali m'makutu mwake.

Chitseko chinatseguka, namwino akulowa mothamanga ndi thumba la magazi. Mlendo anaona bambo aakulu akusanzanso, ndipo nsalu ya pabedi inali itafiira. Dzanja lawo linali lende pambali pa bedi. Pa chala chija anadzibaya panali pakadali pulasitala amene iye mwini anawamata.

Mlendo anaimirira. Amayi aakulu anatsegula maso n'kumugwira siketi, koma iye anayenda ndithu, siketi n'kuwapulumuka. Analunjika pachitseko chija. Anagogoda.

Amene anatsegula anali wazamankhwala uja. Mlendo anatambasula kansalu pachikhatho chake.

"Amamwa awa," anatero. "Ndimawapatsa ndine m'mawa uliwonse. A lero sanamwe."

Mayiyo sanakuwe kapena kudzudzula. Anatsitsira magalasi pamphuno, natembenuza piritsi la buluu ndi chikhadabo kuti aone chizindikiro chodindidwa pamenepo. Ananena kuti mtundu wokha sungamuuze zoona, poti mapiritsi a buluu ndi ambirimbiri, choncho anafunsa mafunso achangu. Anali a ndani? Mwini wake ankadwala chiyani? Bambowa ayamba liti kumwa, ndipo amamwa angati?

Mlendo anayankha zonse, amayi aakulu akumva ali chiimire kumbuyo kwake. Ananena za chitini. Ananena za malemu amuna a Make Mapasa, amene anachitidwapo opaleshoni ya mtima ndipo ankapita kukayezetsa magazi mwezi uliwonse. Ananena za mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi, za ofiira a mawondo, za magazi a m'kamwa ndi a pa diresi loyera. Mtsikana amene ankatha tsiku osayankhula anayankhula tsiku limenelo, mpaka anthu a pabenchi anasiya zawo n'kumamvetsera.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero mayiyo, ali kale m'njira yobwerera kubedi.

Chitseko sichinatsekeke bwino, ndipo Mlendo anaona zonse. Wazamankhwala anaonetsa dokotala mapiritsi aja n'kunena kuti a buluuwo ndi oletsa magazi kuundana, pamene ofiirawo amakanda chifu mpaka kuchita chilonda. Dokotala anavomera ndi mutu, awiriwo nagwirizana msanga choti achite. Mayiyo anatulutsa kabotolo ka vitamini K, amene amabwezera magazi mphamvu youndana, nauza namwino kuti mankhwalawo alowe pang'onopang'ono kudzera m'diripi, osati mothamanga. Kenako anafunsa kulemera kwa wodwala, nawerengetsera, naimba foni kosungira magazi kuti atumize msanga madzi achikasu a m'magazi amene amathandiza kuti kuchucha kuleke, poti vitaminiyo payekha amachedwa kugwira. Anakonzanso mankhwala oteteza chifu. Yankho la kokayeza litafika, linangovomereza zimene anali atayamba kale kuchita.

Mlendo atabwerera pabenchi, anapeza amayi aakulu atasamukira benchi ina.

6. Katundu pakhomo

Dzuwa litapendeka, magazi analeka. Dokotala anatuluka n'kunena kuti bambowo apulumuka, ngakhale agonekedwa masiku angapo kuti aone bwino chilonda cha m'mimbacho. Amayi aakulu analira, anthu a pabenchi yawo akuwatonthoza. Mlendo analira yekha pabenchi yake.

Wazamankhwala anabwera pambuyo pake, nkhope ikuonetsa kutopa, nawaitanira onse awiri pakona.

"Mayi, sindikukuimbani mlandu," anayamba motero. "Munkafuna kuthandiza amuna anu, ndipo mnzanu uja ankafuna kuthandiza inu. Koma mvetsetsani. Mankhwala ali ngati zovala zimene amuna anu amasoka, timayamba tamuyeza munthu. Malemu aja ankawayeza magazi mwezi ndi mwezi kuti adziwe mlingo wawo, chifukwa mapiritsi amenewa mlingo ukaperewera pang'ono magazi amaundana m'mitsempha, ukapitirira pang'ono munthu amataya magazi mpaka kufa. Matenda a mtima ndi amitundumitundu, ndipo mankhwala ochiza wina amapha wina. Piritsi likachoka m'paketi mwake lataya dzina, lataya tsiku lothera mphamvu, latsala ndi mtundu wokha, ndipo mtundu sunena kanthu. Otsala a munthu wochira kapena womwalira muzibweza kuchipatala. Chitini chanucho chibwere kuno ndidzachione ndekha. Aliyense amene wamwako a buluuwa abwere adzayezedwe, ndipo woyembekezera asawakhudze n'komwe, chifukwa amawononga mwana m'mimba. Mwana uyunso musamukalipire. Akanakhala chete, bwenzi pano tikukamba zina."

Mlendo atamva za woyembekezera, anakumbukira mtsikana wa nyumba yakumapeto uja, koma anadzitonthoza kuti chitini chikadali m'nyumba mwawo, pamwamba pa kabati, pamene iye anachisiya m'mawa.

Amayi aakulu anathokoza mwaulemu wonse, manja ali pamodzi, mpaka kupinda mawondo. Koma sanamuyang'ane Mlendo ngakhale kamodzi.

Achipatala anawalola kulowa kukaona wodwala mmodzimmodzi, ndipo Mlendo analowa pomaliza. Bambo aakulu anali otuwa ndi ofooka, koma maso anali otsegula. Sankadziwa chilichonse cha zimene zinachitika pabenchi. Anamugwira chala n'kufunsa ndi mawu apansipansi ngati diresi la mkwatibwi lija analisita, poti eni ake abwera mawa. Mlendo anati akalisita akangofika.

"Ukakhala m'nyumba muja iwe, ine sindidandaula, mwana wanga," anatero, n'kutsekanso maso.

Mlendo atatuluka, anapeza amayi aakulu akumaliza kuyankhula pafoni. Anaika foni m'chikwama n'kuyang'ana khoma.

"Ine nditsala kuno. Iwe pita. Anyamata ndawauza chochita."

Mlendo anayenda wapansi. Msewu unali wodzaza ana asukulu oweruka m'magulumagulu, akuseka ndi kukankhana. Ena anali a m'kalasi mwake, koma palibe anamufunsa chifukwa chake sanabwere. Anali wokondwa kuti bambo aakulu ali moyo, komabe anali ndi mantha ndi chisoni chimene sanachimvepo chimwalirireni mayi ake.

Atafika pamdadada, anapeza nkhani itamutsogolera, koma inafika ili theka. Zoti mapiritsi a buluu ndi amene anatsala pang'ono kupha telala palibe anazinena. Chimene chinamveka n'chakuti Mlendo waneneza mdadada wonse kwa achipatala ndipo apolisi akhoza kubwera. Amayi amene anali pampopi anasiya kucheza. Make Mapasa, amene ankaanula zovala, anamuyang'ana kamodzi, nalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Pakhomo pa nyumba yapakati panali matiresi ake atapindidwa, chikwama chake chakale chija chili pamwamba, ndi mabuku ake atamangidwa ndi kachingwe ka nsalu. Chitseko chinali chokhoma, ngakhale wailesi inkamveka m'kati. Anagogoda n'kunena kuti akungofuna kusita diresi la mkwatibwi ndi kutenga chitini. Mnyamata uja amene anafunsa kale kuti mlendoyu abwerera liti ndi amene anayankha kuseri kwa chitseko. Anati amayi anena kuti asatsegule, ndipo chitini achichotsa kale m'nyumbamo kuopa apolisi.

Mlendo anakhala pa matiresi ake. Sankadziwa kumene akagone, ndipo panalibe womufunsa. Ali chikhalire, chitseko cha Make Mapasa chinatseguka. Mayiyo anatuluka atanyamula kanthu kophimba ndi nsalu, akuyenda mofulumira. Nsaluyo inabisa chinthucho, koma siinabise phokoso limene Mlendo ankalidziwa bwino, la mapiritsi ogubuduka m'chitini.

"Athere m'mimba mwa odwala, osati m'manja mwa apolisi," anatero Make Mapasa podutsa pampopi, ndipo amayi aja anavomereza.

Ankalunjika kunyumba yakumapeto. Pakhomo pa nyumbayo mtsikana woyembekezera uja anali atakhala pampando, mapazi otupa atawasanjika pa ndowa, kapu ya madzi ili kale m'manja.

Mlendo anayang'ana katundu wake, nayang'ana amayi a pampopi, amene onse anali akumuyang'anitsitsa. Kenako anadzuka, nasiya chikwama pomwepo, n'kuyamba kuthamangira kunyumba yakumapeto ija.